Lenzi yaitali payokha siyokwanira

Alembi, mwanena kuti wofuna kujambula mbalame zoyenda m'madzi osaya ayenera kukhala ndi lenzi yaitali ya 600mm, yoonetsa zinthu zakutali ngati zili pafupi, koma simunatchule kuti kutalika kwa lenzi sikuthandiza dzuwa likatenthetsa mchenga, chifukwa mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi umachititsa chithunzi kutuluka chambuu ngakhale kamera itakhazikika bwino. Ine ndinataya masana athunthu ndikuimba mlandu lenzi yanga. Tsiku lotsatira ndinalawirira m'mamawa, ndinagona chafufumimba m'matope, zigongono zitanyowa, madzi a m'nyanja akukwera pang'onopang'ono, ndipo mbalamezo zinandiyandikira zokha zikujompha matope ndi milomo yawo yaitali. Lenzi ya 400mm inakwanira, liwiro la shata (nthawi imene kamera imatseguka kuti kuwala kulowe) lili pa 1/2000 ya sekondi.

Owerenga anzanga, chonde musamazithamangitse pofuna kuzijambula zikuuluka. Zina zimachokera kutali zedi: mu 2022, mbalame ina ya mtundu wa bar-tailed godwit inauluka kuchokera ku Alaska, m'dziko la America, kukafika ku Tasmania, m'dziko la Australia, makilomita oposa 13,000, kwa masiku 11 osatera paliponse. Mbalame yotere ikafika imakhala itaonda, ndipo imafunika kudya mosasokonezedwa.