Anganga ankabwerako

Loweruka tinaika m'manda anganga aamuna, bambo a mayi anga, kwathu kufupi ndi Malindi. Wowerenga mbiri ananena zomwe timamva pamaliro aliwonse: malemuwa anali olimbikira ntchito, okonda banja lawo, osayambana ndi munthu. Anthu anagwedeza mitu. Ine pansi pa mtengo wa mango paja mtima unkandiwawa, chifukwa mawu omwewa ndinawamvanso chaka chatha pamaliro a bambo wina amene mudzi wonse ukudziwa kuti anasiya mkazi ndi ana asanu n'kukatha zaka 20 ku Joni osatumizako ngakhale sopo. Mbiri imodzi ingakwanire bwanji anthu awiri amenewa? Ndiye ndati yanga ndilembe pano, amene akwiye akwiye.

Pa chiphaso chaunzika chimene anajambulitsa mu 2017 panalembedwa kuti anabadwa mu 1936. Eni akewo ankaseka nacho chakachi. Iwo ankawerengera zaka zawo ndi njala: ankati ya 1949 inawapeza akupalasa kale bwato okha. Boma la Mangochi mpaka kumwalira ankalitchulabe Fort Johnston, ndipo mlatho wa pa Shire akauwoloka ankayamba nkhani ya masiku a pantoni, kaya mwaimva kale kakhumi.

Kulimbikira ntchito sindikuona ngati nkhani. Kunyanja kuno ndani wa msinkhu wawo amene sanakoke khoka mpaka zikhatho kuchita zipsera? Chimene ndimawapatsira ulemu anganga n'chakuti ankapita n'kubwerako.

Anapita ku Wenela katatu, kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni. Ankakwera ndege pa Chileka mpaka ku Francistown, kuchoka apo sitima ya pamtunda mpaka kumigodi. Anzawo ambiri a ulendo umenewo anatchona. Ena anakwatira konko, ena anangozimiririka, makalata analeka kubwera, akazi awo n'kukalamba akuyang'ana kumsewu. Anganga kontrakiti ikatha ankanyamula sutikesi yawo yachitsulo n'kubwerera kumudzi komwe sikunali kwawo n'komwe, poti anali mkamwini. Taganizani, munthu wagwira ndalama ya kumgodi, koma akubwerera kukalima munda wa apongozi. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu analetsa zopita kumigodi. Anganga anabwera komaliza ndi njinga, mabulangete awiri ndi makina osokera a Singer a anganga aakazi. Suti imene anagula ku Joni anaivala kamodzi kutchalitchi, kenako anaigulitsa kwa mphunzitsi wina n'kuonjezera ndalama yogulira ukonde.

Masiku amenewo chambo chinali chambo. Amati khoka limodzi linkadyetsa mudzi, chotsala n'kuwamba. Ife tinakula chikutha. M'zaka za m'ma 1990 kunyanja ya Malombe chinali chitasowa kale, kunyanja yaikulu nakonso chinayamba kuchepa, maukonde a maso ang'onoang'ono atasesa ndi ana omwe. Anganga sanakhale pansi n'kumadandaula. Anasamukira ku usipa, usiku panyanja ndi nyali, masana kuyanika pathandala. Mwera ukavuta mu Juni ndi Julaye ankapita kudimba. Mphamvu zopalasa zitatha anakhala wosoka maukonde a anzawo, tsiku lonse pamchenga, chala chakuphazi chitakola ukonde, pakamwa pali ulusi.

Njala ya 2002 ndimaikumbukira bwino. Pakhomo pawo tinasonkhana anthu 14, ena ana amasiye a azakhali athu. Anagulitsa njinga ija, kenako makina a Singer. Tsiku limene makinawo ankatuluka m'nyumba anganga aakazi analowa kuchipinda osatulukanso mpaka madzulo. Anganga aamuna ankadya pomaliza, ndipo kangapo ndinawaona akunamizira kuti adya kale kugombe. Palibe mwana anamwalira pakhomo paja chaka chimenecho.

Musaganize kuti anali mngelo. Anali ouma pakamwa, ndipo chikoti chawo sitinkachiona patali. Mayi anga anawasiyitsa sukulu ali Sitandade 5, ati mwana wamkazi sukulu apita nayo kuti. Mayi mpaka lero nkhaniyi ikatchulidwa nkhope imasintha. Pepani sanamunenepo, anthu a mtundu wawo mawu amenewo sankawadziwa. Koma sukulu yaulere itayamba mu 1994, adzukulu tinaona zakuda. Akakupeza kugombe nthawi ya sukulu ukuthandiza alovi kuti akugawireko usipa, ankakuthamangitsa ndi nkhafi mpaka pakhomo la kalasi, wamkazi ndi wamwamuna yemwe. Ine amene ndikulemba pano ndinapulumukira nkhafi imeneyo. Ndimaona ngati kunali kupepesa kwawo kwa mayi, kungoti anapepesera kwa ife.

Chimene sichinatchulidwe m'mbiri Loweruka, ndipo n'chimene chandilembetsa, ndi zaka 6 zimene anadwazika anganga aakazi atafa ziwalo mbali imodzi. Ana aakazi analipo, koma onse ndi mabanja awo. Nkhalamba ija inkadzuka m'mamawa kukoleza moto, kuphika phala, kuwasambitsa akazi awo, kuwatulutsa padzuwa, kuchapa nsalu zawo n'kuyanika poyera. Amuna anzawo pabawo ankawanena kuti anadyetsedwa. Atamva anangoti, "Ngati n'kudyetsedwa, ndinadya ndekha, ndipo ndinakhuta." Anapitiriza mpaka tsiku limene anawatseka maso.

Tsopano kwa inu achimwene anga muli ku Joni, poti ndikudziwa mukuwerenga. Kupitako sindikukutsutsani. Nyanja yauma nsomba, ganyu kuno kulibe, ndipo nyumba zamalata zambiri zimene tikuona kuchokera ku Namwera mpaka ku Makanjira zamangidwa ndi ndalama zanu. Alipo ambiri amene mukusamala makwanu, Mulungu akudalitseni. Koma ena a inu mukundidabwitsa. Anganga kuti uthenga ufike kumudzi ankafuna munthu wowalembera kalata, kalatayo n'kuyenda milungu. Inu foni ili m'manja, pa WhatsApp timakuonani muli pa intaneti usiku wonse, zithunzi mukusintha tsiku ndi tsiku mutatsamira galimoto za eni. Ndalama mukatumiza pa Mukuru imafika tsiku lomwelo. Koma mwana wanu akuyenda ndi kabudula wong'ambika kumatako, mkazi wanu akukongola ufa kwa anansi, ndipo akaimba foni mumati mwatanganidwa.

Dzulo pagulu la banja lathu pa WhatsApp asuweni anga atatu alemba kuti asonkha ndalama zomangira anganga chiliza chachikulu cha matailosi, chokhala ndi chithunzi, choti aliyense wodutsa aziona kuti apa pagona munthu. Ndawayankha kuti chiliza chidikire kaye, manda sathawa, ayambe atumiza ya yunifolomu ndi makope a ana awo poti sukulu akutsegulira Lolemba. Mmodzi watumiza m'mawa uno. Wina wawerenga osayankha. Wachitatu watuluka pagulupo.