Chenjezo kwa olusa pa foni amene amasowa mawu pabwalo

Loweruka lapitali a nyakwawa anatiitanitsa patsinde pa kachere kuti tikambirane za mjigo wathu umene wakhala wakufa kwa milungu itatu, ndipo zimene ndinaona kumeneko zandikwiyitsa mpaka lero. Sabata yonse gulu la WhatsApp la m'mudzi muno linali litadzaza ndi mawu otchula wapampando wa komiti ya mjigo kuti ndi mbava, ena mpaka kunyoza mkazi wake ndi malemu mayi ake. Koma a nyakwawa atafunsa ngati panali wina wa funso, akatswiri a pa foni aja anangoti zyoli, wina akukanda dothi ndi chala chakuphazi, wina akunamizira kuyankha foni.

Amene anaimirira anali mayi wina wogulitsa zitumbuwa, ndipo atapereka ulemu ananena mosapsatira kuti sakukhutira ndi kasungidwe ka ndalama, napempha kuti buku la zopereka ndi malisiti ziwerengedwe pamaso pa onse. Bukulo linaonetsa kuti komiti inali yosasamala polemba, zimene wapampando anavomera, koma linaonetsanso kuti ambiri mwa otukwana aja sanasonkhepo ngakhale tambala chaka chino.

Kodi mayi ake a munthu amene ali m'manda akukhudzana bwanji ndi mjigo? Kodi mwano unayamba wagulapo paipi? Msungichuma watula pansi udindo, ndipo palibe amene akufuna kulowa m'malo mwake, pakuti ndani angalole kugwira ntchito yopanda malipiro kuti mphotho yake ikhale kutukwanidwa pamaso pa ana ake? Pakadali pano amayi akutunga madzi kudambo, ngati kuti taiwala kale kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Musandiuze za ufulu wolankhula, chifukwa ife tinakula m'nthawi ya Kamuzu, pamene mawu amodzi okha ankatha kutengera munthu ku ndende ya Mikuyu. Maepiskopi a Katolika atalemba kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, anatchula zolakwika za boma chimodzichimodzi, anasayina mayina awo ndipo sanatukwane munthu, koma dziko linagwedezeka mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Ufulu umene ena anauvutikira chomwecho ndi umene inu mukuugwiritsa ntchito potukwana malemu usiku muli m'bulangete?

Atsogoleri nawonso asaganize kuti ndikuwaikira kumbuyo, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wapampando amene amakwiya akafunsidwa malisiti ndi wosayenera mpandowo. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma sananene kuti alidule khutulo.

Msonkhano wina uliko Loweruka likudzali. Amene muli ndi nkhani mudzaimirire pabwalo chopereka chanu chili m'manja, apo ayi tsekani pakamwa.