Nambala 10 ya Bears ipite kwa wotchinga kumbuyo kwa Caleb

Anzanga okonda Chicago Bears, timu ya mpira wa ku America mu ligi ya NFL, ndaona ambiri mukufuula dzina la Ashton Jeanty, wothamanga ndi mpira, kuti ndi amene timutenge pa nambala 10 pa draft ya pa 24 April 2025 ku Green Bay, pomwe matimu amasankha mosinthana osewera ochokera ku koleji. Ndikulemba izi draftyo isanachitike. Ine ndikukana, ndipo ndikukana ndi mtima wonse.

Mnyamatayo sindikumunyoza ayi. Mu 2024 ku koleji ya Boise State anathamanga ndi mpira mayadi 2,601, kungotsala 27 kuti afike pa rekodi ya ku koleji imene anaika Barry Sanders mu 1988. Munthu akamugwira mwendo amangopitirira ngati wakodwa m'kaudzu. Koma nambala imene ikundisowetsa tulo ine ndi 68. Caleb Williams, quarterback wathu (woponya mpira), m'chaka chake choyamba cha 2024, anagwetsedwa ka 68 mpira uli m'manja, kuposa quarterback wina aliyense mu NFL. David Carr anagwetsedwa ka 76 ku Houston mu 2002, ndipo mpira wake sunadzakomenso monga anthu ankayembekezera.

Masewero a pa 10 November 2024 ndi Patriots ku Soldier Field ndinaonera ndi mwana wanga wamwamuna, atavala malaya a nambala 18 ya Caleb. Caleb anagwetsedwa ka 9, tinagonja 19-3. Chakumapeto ankachita kudzuka pang'onopang'ono, akuyamba wagwada kaye, anzake akumukoka mkono. Mwanayo anangondifunsa kuti, "Adadi, bwanji sakumuteteza?" Ndinasowa chomuyankha.

Inde, nthawi zina mlandu ndi wa Caleb yemwe, amachedwa kuponya pofuna kuchita zodabwitsa. Zimenezo a Ben Johnson, mphunzitsi amene anabwera mu 2025, athana nazo. Ndiponso a Ryan Poles, mkulu wosankha osewera ku Bears, ndiwayamike: mu March 2025 anabweretsa otchinga atatu, Joe Thuney kuchokera ku Kansas City, Jonah Jackson kuchokera ku Rams ndi Drew Dalman wa ku Atlanta. Pakati patsekedwa. Kumanja kuli Darnell Wright, amene tinamutenganso pa nambala 10 mu 2023. Nanga kumanzere? Caleb amaponya ndi dzanja lamanja, choncho akaima kuti aponye, mbali ya kumanzere imakhala kumsana kwake. Wobwera kumeneko samuona, amangomva kugunda. Pamalo pamenepo pali Braxton Jones, amene anathyoka kakolo mu December 2024 pamasewero a Detroit n'kutuluka pangolo, ndipo 2025 ndi chaka chomaliza cha kontirakiti yake. Timu yonse iike moyo wa quarterback wake pa mwendo umene ukupola kumene?

Pa otchinga a mu draftyi, Will Campbell wa ku koleji ya LSU ndikanamukonda, ngakhale ena akuti manja ake ndi aafupi, koma ndikuona kuti pofika pa ife adzakhala atapita. Patriots ali pa nambala 4 ndipo vuto lawo ndi lomweli. Armand Membou wa ku Missouri ndi wamphamvu, koma anazolowera kumanja. Wanga ndi Kelvin Banks Jr. wa ku Texas. Wasewera left tackle, wotchinga wa kumanzere, zaka zitatu kuyambira chaka chake choyamba ku koleji, ndipo mu 2024 anapatsidwa Outland Trophy, mphoto ya wosewera wabwino koposa wa pamzere ku koleji. Sitikufunika kumuphunzitsa malo atsopano, ndi ake kale.

Mukamati a Johnson amakonda othamanga ndi mpira, n'zoona, koma kumbukirani kuti ku Detroit, kumene iwo ankaphunzitsa, Jahmyr Gibbs ndi David Montgomery ankadutsa m'njira yolambulidwa ndi Penei Sewell, Frank Ragnow ndi Taylor Decker. Jeanty yemweyo mutamuika kumbuyo kwa mzere wathu wa otchinga wa 2024, akanagwidwa asanafike n'komwe pomwe mpira unayambira.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tili ndi nambala 39 ndi 41 m'chigawo chachiwiri cha draft, ndipo mu draft ya 2025 othamanga ndi ochuluka: TreVeyon Henderson ndi Quinshon Judkins a ku Ohio State, Kaleb Johnson wa ku Iowa. Mmodzi mwa amenewa tidzamupeza kuti azithandizana ndi wothamanga wathu D'Andre Swift. Nambala inayo ipite kwa wothamangitsa quarterback wa adani, chifukwa Montez Sweat mu 2024 anatopa yekha.

A Poles, Banks akadzakhala alipo pa nambala 10, chonde musadzayang'ane kwina. Ndikufuna mu September mwana wanga adzaone Caleb akumaliza masewero malaya ake ali oyera.