Njira ya Foldy ndi Wouthuysen isamadumphidwe

Anzanga amene mukuphunzira fizikisi kuno ku Mzuzu, kaya ku Luwinga kaya mukudziwerengera nokha pa foni, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukafika pa equation ya Dirac musangoloweza. Tengani pepala, muyende nayo njira ya Foldy ndi Wouthuysen ndi dzanja lanu mpaka kumapeto.

Paul Dirac analemba equation yake ya elekitironi mu 1928, yogwirizana ndi relativity ya Einstein, malamulo a zinthu zoyenda pa liwiro loyandikira la kuwala. Yankho lake lili ndi zigawo zinayi, pamene la equation ya elekitironi ya Wolfgang Pauli ya mu 1927 lili ndi ziwiri zokha. Zigawo zowonjezerazo ndi zimene zinatsegula njira ya positron, mnzake wa elekitironi wokhala ndi chaji yosiyana nayo, imene Carl Anderson anaipeza mu 1932. Koma mu equation momwemo zinayizo nzopiringizana, moti sungaloze n'kunena kuti elekitironi wamba, woyenda pang'onopang'ono mu atomu, ali apa.

Mu 1950 Leslie Foldy ndi Siegfried Wouthuysen anasonyeza mmene tingazilekanitsire popanda kusintha chilichonse chimene munthu angayeze. Elekitironi ikakhala payokha, ulekanitsa kamodzi basi, zatha. Ikakhala m'mphamvu ya magetsi kapena ya maginito, ntchito imakhala ngati kupeta chimanga: upeta, madeya ena atsala, upetanso, ndipo ulendo uliwonse zotsalazo zimachepa. Umasiya pamene zotsala zachepa kuposa zimene ukufuna kuyeza.

Chimene chimandisangalatsa ndi zimene zimatsala m'lichero. Equation ya Pauli imatuluka yokha, pamodzi ndi g wa 2, nambala yosonyeza mphamvu ya maginito ya elekitironi, amene kale ankangomuika ndi dzanja kuti masamu agwirizane ndi zoyeza. Kumangana kwa spin, imene ili ngati kudzizungulira kwa elekitironi pamalo amodzi, ndi kuzungulira kwake mu atomu kumatulukanso, ndipo nambala ya theka (1/2) imene Llewellyn Thomas anaivutikira mu 1926 ili kale pamalo pake. Kenako chigawo cha masamuwo chotchedwa dzina la Darwin, mdzukulu wa Charles Darwin uja, chimene mu haidirojeni chimakhudza ma orbital a s okha, malo a elekitironi mu atomu obulungira ngati mpira. Palibe chozembetsera. Zonse zinali mwa Dirac, zimangodikira wozipeta.

Ena amati izi nzakale, kompyuta imachita zonse. Ine sindivomereza. Kompyuta ikupatsa nambala, koma sikuuza kuti chigawo chiti chachokera kuti. Kuwala kwachikasu kwa sodium kuli ndi mizere iwiri, ya mafunde otalika ma nanomita 589.0 ndi 589.6, ndipo amene wayenda njirayi amadziwa kuti yagawa mzerewo ndi spin. Akatswiri a kemisitiri nawonso amagwiritsa ntchito njira zobadwa mu ganizo lomweli, monga ya Douglas ndi Kroll ya mu 1974, powerengera ma atomu olemera ngati golide, amene ngakhale mtundu wake wachikasu sungafotokozeke popanda relativity.

Sizifuna labu kapena intaneti yamphamvu. Pepala, cholembera, ndi kuleza mtima ndi ma commutator, masamu a mtundu wa AB − BA, amene ndi ambiri ndithu. Aphunzitsi athu, chonde ipatseni nthawi m'kalasi.