Safunsa anadya phula, inu okonza makompyuta

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Laputopu yanga inkatentha kwambiri, ndi dzuwa la kuno ku Nchalo fani imangolira ngati chigayo, ndiye ndinakaisiya kwa wokonza wina pamsika kuti apukute fumbi ndi kusintha fani basi. Pokaitenga mkulu uja akumwetulira, akuti "achimwene munali mavairasi ambiri, ndafomata." Mavairasi ake ati? cc65 ndi VICE, mapulogalamu anga opangira ndi kuyesera kagemu! Zinthu zomwe ndakhala nazo pansi masabata angapo kuti zigwire bwino ntchito, munthu wangozisesa osandiimbira ngakhale foni.

Mukaona chinthu chachilendo mu kompyuta ya munthu funsani. Kufunsa sikulipira.

Cc65 ija ndi kompaila, yomwe imamasulira zomwe walemba kuti makina azimve, ndimalemba pulogalamu m'chinenero cha C pa laputopu koma chotuluka si cha laputopu ayi, ndi cha Commodore 64, kompyuta ya 1982 ya purosesa 6510 yothamanga pafupifupi 1 MHz, memory 64 KB basi. Kuphika kuno kukadyera kwina. Ukailembera cc65 lamulo loti cl65 -t c64 pamatuluka kafayilo ka .prg, Windows sikadziwa, umakatsegula mu VICE yomwe imayerekeza makina akalewo. Ndiye iyeyo wadina kafayilo, sikakutseguka, basi wagamula yekha kuti ndi vairasi. Osafunsa! Nambala yanga ili pa kapepala komwe anamata yekha pa chivundikiro.

Ndipo chikundiwawa si kudawuniloda kokha. PATH, yomwe imauza Windows kokapeza mapulogalamu, ndinavutika nayo masiku, kompyuta ikungokana kuti cl65 sindikumudziwa, Makefile, fayilo ya malangizo omangira gemu, ndinailemba pang'onopang'ono usiku kukazizirako, z88dk, kompaila ya kompyuta ina yakale ya ZX Spectrum, nayo inali itayamba kumvera. Kagemu kanga ka bwato lowoloka Shire kuzemba mvuu ndi ng'ona kanali katafika poti bwato likuyenda ukadina batani, mwana wa mlongo wanga amabwera madzulo aliwonse kudzakayesa. Ndimuuza chani mawa?

Mwina amaphunzitsidwa kuti vuto lililonse mankhwala ake ndi kufomata, kaya. Koma katundu ndi wanga. Telala ukampatsa buluku kuti aike zipi sadula miyendo chifukwa sitayilo sakuimvetsa, amafunsa mwini wake. Safunsa anadya phula. Ndimufunse kuti bwanji simunasunge mafayilo anga kaye, akuti "zinthu zamakedzana ngati zimenezo mupanga nazo chani." Zoti ndipanga nazo chani si nkhani yanu bambo, nkhani ndi yoti simunafunse. Munalipidwa za fani, mukanathera pa fani.

Pano ndiyambirenso, bandulo ina, ndipo netiweki ya kwathu kuno mukuidziwa, ukafika pakati dawunilodi yaduka uyambirenso. Magetsinso athima kuyambira m'mawa, batire yatsala pang'ono, ndipo fani ija ikulirabe chimodzimodzi.