Theka la kilogalamu la nkhukundembo

Abale anga a kuno ku Mangalande, ndiloleni ndilankhule lero, chifukwa kuyambira dzulo mtima ukundiwawa ndipo tulo sindinatione.

Ntchito yathu mukuidziwa kale, sindichita kufotokoza. Agogo amene ndimawasamalira m'kamudzi kena kunja kwa Leicester ndakhala nawo chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndimawasambitsa, ndimawatembenuza kuti asatuluke zilonda, ndimawadyetsa ndi supuni. Dzulo mwana wawo wamkazi anandipatsa ndalama kuti ndikagule nkhukundembo ya Khirisimasi, poti chaka chino banja lonse lidzadyera kwa agogo. Pa kontirakiti yanga palibe zogula nyama, koma ndinavomera. Ndinafunsa kuti ikhale yaikulu bwanji. Anati ndiwerenge anthu, aliyense theka la kilogalamu, chifukwa kulemerako kumaphatikiza ndi mafupa omwe. Ndinawerenga: agogo, ana awo awiri ndi akunyumba kwawo, adzukulu atatu. Ndiye ine, amene ndidzakhale m'nyumbamo tsiku limenelo kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku. Anthu 9. Ndinanyamula ya makilogalamu 4.6.

Nditafika, mayi uja anayang'ana kapepala ka kulemera, kenako anayang'ana ine. Akuti ife tilipo 8, ya makilogalamu anayi ikanakwana, winayo ndi ndani? Ndinasowa chonena. Anamwetulira, kumwetulira kwawo kuja kwa mano okha, n'kunena kuti iwe udzabwera ndi sangweji yako monga mwa masiku onse, si choncho? Atatero anapempha lisiti, n'kuyala chenji patebulo, kuwerenga kandalama kamodzikamodzi ine ndili chiimire, jekete ndisanavule n'komwe.

Theka la kilogalamu, abale. Ndiye pamafupa pomwe.

Nanga mukuganiza kuti ntchito ya mbalame imeneyi igwera ndani? Ndi yowumitsidwa ndi ayezi, gwa ngati mwala. Kuti isungunuke bwino mufiriji pamafunika maola 10 mpaka 12 pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza masiku awiri athunthu, ndipo woiyika pashelefu yapansi kuti madzi ake asadonthere zakudya zina ndi ine. Wotulutsa kajumbo ka zam'kati ndi ine. Woiyang'anira mu uvuni maola atatu, mphindi 40 pa kilogalamu, kwinaku ndikuthamanga kukasintha agogo thewera, ndi ine. M'kajumbo muja mumakhala khosi, chiwindi ndi nthutumba. Nthutumba yeniyeni, imene kwathu ukaidya mwana usanapatsidwe nkhani yake imafika kwa amalume. Kuno ena amaiwiritsa kuti apeze msuzi n'kuitaya, ena amataya kajumbo konse osatsegula.

Za mabasi ndisanene. Pa 25 Disembala kulibe basi, kulibe sitima. Ndidzakwera takisi ya mtengo wa tsiku lachikondwerero, ndalama yotuluka m'thumba mwanga, mdima uli bii popita, mdima uli bii pobwera, poti masiku ano dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane. Ndikafika kuchipinda changa chalendi ndimayamba ndayang'ana mita ya magetsi kuti ndione ngati ndingayatse hita kapena ndigone ndi masokosi awiri. Landilodi akadali kunena kuti nkhungu yapakhoma ikubwera chifukwa ndimaphika nyemba nthawi yaitali.

Wina anena kuti bwanji sunamuyankhe. Ndiyankhe ndi chiyani? Viza yathu ya ntchito yosamalira anthu inamangirizidwa ku kampani imene inakutenga. Banja likakadandaula kuti wantchito uyu ndi wamwano, maola ako amayamba kuchepa mwakachetechete. Ntchito ikatha uli ndi masiku 60 oti upeze wina wokulembera mapepala, apo ayi longedza. Ndipo pa viza pomwepo analemba kuti thandizo la boma silikukhudza, ngakhale msonkho amadula mwezi uliwonse osaphonya. Munthu amene anandipezera malowa, wakhungu ngati langa lomweli, wopemphera mokweza kuposa tonse, anandidya ndalama zimene ndinapeza nditagulitsa puloti yanga ku Ntcheu. Lero ndikamuimbira foni sayankha.

Koma zonsezi ndazipirira. Chimene chikundikanika kumeza ndi funso lija: winayo ndi ndani? Ndine amene ndimadziwa kuti amayi ake sameza nyama youma, kuti ya pachidali ya nkhukundembo iyenera kudulidwa tizidutswa n'kunyowetsedwa ndi msuzi, apo ayi atsamwa. Iyeyo sadziwa. Amabwera kawiri pamwezi ndi maluwa, n'kukhala ola limodzi akuyang'ana wotchi. Chaka chatha anabweretsa zotsala za phwando lawo pa 26, mbale yodzaza, n'kuisiya mufiriji. Agogo anadya tizidutswa tiwiri. Patapita masiku awiri lamulo la ntchito linati nditaye, ndipo ndinataya ndi manja angawa m'bini nyama yoposa theka la kilogalamu limene akundiwerengera lero.

Inunso anzanga Amalawi, musandikwiyire. Mawa lino mudzaza Facebook ndi zithunzi mutavala tizisoti tapepala, mutagwira mpeni pamwamba pa nkhukundembo imene mwagula pangongole, pamene tonse tikudziwa kuti ikatha foto mumavundula nsima. Mukunamiza ndani? Zithunzi zimenezo ndi zimene zikuchititsa kuti abale kumudzi aziganiza kuti kuno ndalama timachita kutola. Foni yanga sikupuma. Msuweni amene sanandifunsepo kuti ndadzuka bwanji chaka chonse walemba kuti mutikumbukire Khirisimasi. Wina akufuna foni yatsopano. Wina akuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndiye paundi imodzi ndi chuma, ngati kuti feteleza sanakwere nayo limodzi. Kutchalitchi nako akuti pirirani mayi, ena akulakalaka mwayi wanuwo. Ndikudziwa. Koma mwayi suchotsa manyazi.

Ndipo chimene ndikudziimba nacho mlandu n'chakuti ndinapepesa. Ndinati pepani, ndinalakwitsa kuwerenga. Sindinalakwitse. Ndinawerenga mmene anandiphunzitsira amayi anga.

Kwathu Khirisimasi imagwa nthawi yovuta, nkhokwe zitapepuka, anthu ali kalikiliki ndi kupalira. Komabe amayi ankapha tambala mmodzi, n'kuphika mpunga, ife titavala malaya atsopano tikudikira Fanta. Tambala mmodziyo ankakwanira anthu khumi ndi asanu. Waganyu amene wagwira m'munda sabata imeneyo ankakhala pamphasa pomwepo. Wodutsa m'njira akangoti odi, amayi ankatenga mbale ina, n'kuchotsa pang'ono apa, pang'ono apo, akunena kuti chichepa n'chovala, chakudya sichichepa. Sindinawaonepo akuwerenga mitu ya anthu asanaike poto pamoto.

Mwana wanga ali ndi zaka 11, ali Sitandade 6, akukhala ndi amayiwo. Mapepala anga anatuluka lamulo litasintha kale, lija la pa 11 Malichi 2024 loletsa osamalira okalamba kubwera ndi mabanja awo. Iyi ndi Khirisimasi yachiwiri ndili kutali naye. Usiku wathawu anandifunsa pa WhatsApp kuti amama, inu mudzadya ndi ndani? Ndinamuuza kuti ndi anzanga. Ndinamunamiza mwana wanga, ndipo nditadula foni ndinalira.

Ndiye ndaganiza kuti bodzalo ndilisandutse zoona. Pa 25 ndikagwira ntchito yanga bwinobwino, agogo ndikawadulira nyama yawo ndi kuwadyetsa, chifukwa iwo sanandilakwire. Pa 26 ndili pa ofu. Ndagula kale nkhuku ziwiri zolimba zija kushopu ya zakudya za ku Africa, ufa ulipo, nyemba ndaviika. Aliyense wa inu amene ali pafupi ndi Leicester ndipo alibe kokadya, andilembere kumbali ndimulondolere. Mipando ndili nayo iwiri yokha, enanu mudzakhala pabedi ndi pansi. Musandiuze kuti mubwera angati.