Beni ndinamuchotsa dala, ndipo pa chimenecho sindipepesa

Chichitireni sewero lathu loimba lija, funso ndi limodzimodzi: n'chifukwa chiyani munachotsa beni? Pa msika wa Mpondabwino kuno ku Zomba wina anachita kundiimitsa ndili ndi matemba m'manja. Ena afika ponena kuti sukulu inandiwononga, ndayamba kunyoza magule a makolo. Ndiyankhe pano kamodzi, ndipume.

Kwa amene simunabwere, linali sewero lopanda mawu oyankhula. Moni, mkangano, kulira, zonse zimaimbidwa. Azungu amati opera, ndipo anayamba zimenezi ku Italy cha m'ma 1600. Ife sitinachite kupita kutali kukafuna nkhani. Tinatenga ya msodzi wa ku Kachulu, nyanja ya Chilwa itaphwa ngati mmene inachitira mu 1995 ndi mu 2018, mabwato atangokhala pamatope ong'aluka. Mwamuna anyamuka wa ku Joni, mkazi atsala ndi apongozi ndi mwana wamwamuna. Tinali ndi kwaya, ovina, ng'oma zitatu ndi kiyibodi yobwereka.

Beni tinamuika pakatikati, mkazi uja atangolandira foni yoti mwamuna wake sadzabweranso. Tsiku lina pokonzekera, mtsikana woimba soprano anaiimba nyimbo ya chisoni ija moti holo yonse inangoti zii. Mayi wina amene amakolopa kumbuyo anaimitsa chikolopa, atagwira tsaya. Ine tsitsi linali nyaunyau. Mawu omaliza asanazime n'komwe, wezulo: pyeee! Anyamata a beni aja ndi awo, kaki, mamendulo a zitsekerero za mabotolo, sailuti ngati asilikali enieni. Aliyense kuseka, nthungululu, mayi wa chikolopa uja naye kuyamba kudikula. Anavina bwino, pasakhale wonena kuti ndinawachotsa chifukwa cholephera. Koma mkazi uja atabwereranso pabwalo misozi ili chuchuchu, panalibe amene amakumbuka kuti akulira chiyani.

Ndinafunsa gulu lonse kuti m'mudzi wa nkhani yathuyi, akuvina beni ndani, ndipo akuvina chifukwa kwagwanji? Yankho linali loti "koma anthu amamukonda". Basi.

Apa ndi pamene pali matenda athu. Tinazolowera magule a pamsonkhano, aja ovinidwa podikira mlendo wolemekezeka amene wachedwa ndi maola awiri. Mwini mwambo amati tione chioda mphindi zisanu, kenako chimtali mphindi zisanu, galimoto ikangotulukira ng'oma n'kudulidwa pakati. Chizolowezi chomwechi tachilowetsa m'masewero. Nkhani ikayenda pang'ono timaiimitsa, tiike gule, ayambirenso. Pomwe kumudzi gule ali ndi ntchito yake. Manganje amavinidwa chifukwa pali ana a kundagala. Gule wamkulu amatuluka pamaliro ndi pachinamwali. Vimbuza kumpoto kuja n'ngochiza odwala. Beni mwiniyo ali ndi mbiri yake: anachokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, akutsanzira perete wa asilikali a atsamunda ndi bandi yawo, ndipo ife a ku Zomba kuno, okhala pafupi ndi Cobbe Barracks ndi chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda), tiyenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Tsono ndani akunyoza beni, ine kapena amene akufuna kumusandutsa chopumira pakati pa maliro a eni?

Mkanganowu si wathu tokha. Ku Paris kale opera yaikulu imayenera kukhala ndi gule m'gawo lachiwiri, zivute zitani, chifukwa mabwana ena amayamba adya kaye mgonero n'kufika mochedwa kudzaonera atsikana ovina. Mu 1861 Richard Wagner, wopeka nyimbo wa ku Germany, anaika gule koyambirira kwa opera yake ya Tannhäuser, pamene iye anaona kuti nkhani ikulola. Mabwana aja anabwera ndi mawezulo, n'kusokoneza mpaka seweroli linachotsedwa litangoonetsedwa katatu. Ine bola, wanga mlandu ukuthera pa Facebook.

Manganje sindinawachotse, ndipo amene munaonera mukudziwa chifukwa chake. Mwana uja akutuluka kundagala, mudzi wonse ukuvina, bambo ake palibe. Mayi ayenera kuvina, poti mwana wakula, koma mumtima muli maliro. Pamenepo gule ndiye nkhaniyo. Mutamuchotsa, sewero lagwa.

Koma mbali imeneyi inatidyera masabata. Munthu sangadikule manganje ndi mphamvu zonse kwinaku akukoka mawu aatali a soprano. Mpweya ndi umodzi womwewo. Oimba opera enieni sagwiritsa ntchito maikolofoni, mawu amayenera kufika kumpando womaliza ndi mphamvu ya m'chifuwa ndi m'mimba basi, ndipo nafenso tinasankha choncho poopa magetsi, mukuwadziwa khalidwe lawo. Tsiku loyamba mtsikana uja anavina ndi mtima wonse, itakwana nthawi yoimba kunangotuluka wefuwefu. Wophunzitsa magule amati ndi ulesi. Wa kwaya amati ovina akumuphera mwana. Tinayesa izi ndi izo, mpaka tinagwirizana kuti iye aziponda masitepe ochepa chabe, mapewa okha akugwedera, anzake akumuzungulira ndi fumbi lonse, ndipo akamakoka mpweya ng'oma ziwiri zizikhala chete kutsale imodzi. Zinapezeka kuti kusavina kwakeko ndi kumene kunaliza anthu. Mayi woima njo pakati pa chisangalalo, akuyesa kumwetulira. Sindinganame kuti ndinaziganiza kuyambira pachiyambi, zinabadwa chifukwa cha mapapo.

Ndiye panali nkhondo ya mafumu awiri. Ku Ulaya pamakhala woyendetsa nyimbo, uja wa kandodo, ndi woyendetsa zochitika pabwalo, aliyense ndi dera lake. Kuno kuli wachitatu amene mabuku awo samutchula: mwini ng'oma. Kwaya yathu inaleredwa ndi solofa, maso onse padzanja la aphunzitsi a kwaya. Madala oimba ng'oma yaikulu aja dzanjalo samaliona n'komwe. Aphunzitsi akuwerenga wani, thu, fili, iwo ali kwina. Nditawadandaulira anandiyang'ana ngati mwana wakhanda, amvekere, "Achimwene, ng'oma siyang'ana dzanja la munthu, imayang'ana phazi." Ndipo amanena zoona. Tinagawana dziko: povina, ng'oma ndiyo mfumu ndipo aphunzitsi azitsatira, poimba chabe, madala azimvera dzanja. Aphunzitsi anakhala masiku atatu osandipatsa moni wabwino.

Chinanso chimene simungachidziwe muli pampando n'chakuti ng'oma imafuna moto. Kuzizira kwa Zomba mu Juni, kuja kotsika m'phiri madzulo, chikopa chimafooka msanga, ng'oma n'kumangoti bufubufu. Ndiye kuseri kwa holo kunali mnyamata ndi moto wa mapesi, ntchito yake kuwamba ng'oma n'kuzilowetsa nyimbo imodzi isanakwane nthawi ya manganje. Akafulumira zizizira, akachedwa pabwalo pali zii. M'kabuku kanga, pambali pa mawu a nyimbo ya apongozi, ndinalemba ndi bolopeni yofiira kuti "moto".

Za kwaya ndisachulutse. Anthu amene aimba kutchalitchi zaka khumi ataima m'mizere, soprano kutsogolo besi kumbuyo, ukawauza kuti muli pamsika wa nsomba, balalikani, muzitsatsana malonda uku mukuimba, alto amasochera nthawi yomweyo chifukwa mnzake womudalira ali uko. Zinatheka, koma mochedwa.

Ena mukuti opera n'zachizungu, tingozisiya. Ine ndinakulira nthano za agogo, zija timavomera kuti "tili tonse", ndipo nkhani ikafika povuta agogo amasiya kuyankhula n'kuyamba nyimbo, ife n'kumapolokoza. Sanaimbepo nyimbo yosakhudza nthanoyo pofuna kungotisangalatsa. Ku Chanco, gulu la zisudzo la Travelling Theatre linayamba kale m'ma 1970 kutengera masewero kwa anthu. Anzathu a ku South Africa anaimba opera ya Carmen m'Chixhosa, nkhani n'kuisamutsira ku Khayelitsha ku Cape Town, ndipo filimu yake inapata mphoto yaikulu ku Berlin mu 2005. Mawu tili nawo, magule tili nawo ochuluka kuposa amene sewero limodzi lingasenze. Vuto n'lofuna kuthira onse mumphika umodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pali chimodzi chimene ndinalakwa, ndipo ichi chokha ndipepesa. Ndinaona vutoli msanga koma ndinachita mantha kunena. Ndinadikira mpaka kutatsala masabata awiri, anyamata a beni aja atabwereka kale mayunifomu, atawononga ndalama zawo za kabaza kuchokera ku Chinamwali kawiri pa sabata. Ndinawauza titaima panja, mwachidule, ngati ndikuthawa ngongole. Sanayenere zimenezo.

Mtsogoleri wawo anabwera tsiku la sewerolo, anakhala kumbuyo kwenikweni chipewa chili kumaso. Titatha ndinamupeza pakhomo. Za sewero sananenepo kanthu. Anangotulutsa kapepala m'thumba, pamene analemba ndalama za kabaza za aliyense ndi dzina lake. Ndalipira theka, zotsalazo kumapeto kwa mwezi.